Galimoto Imene Anakwera Alamu Anga

Ndine telala. Ndakhala ndikusoka pa khonde la golosale ina pa boma la Neno kuyambira ndisanakwatire, ndipo aliyense amene anakhalako pa khonde la telala akudziwa kuti anthu sabwerera zovala zokha. Wina amabwera kudzapinditsa thalauza n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka. Wina alibe n'chosoketsa chomwe, akungofuna mthunzi ndi wailesi. Wailesi yanga sinkazima, ndiye pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kunditenga ngati munthu wodziwa za dziko. Akamva nkhani yosamveka bwino ankati, "Tikafunse atelala." Ndinazolowera zimenezo, ndipo kunena zoona ndinkazikonda kwambiri kuposa mmene ndinkaonetsera.

Alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kumtunda, ku Dambe. Ndiwo anali nkhoswe ya kuchikazi pa ukwati wathu. Anali munthu wabwino, koma uphunzitsi unawalowa mpaka m'mafupa. Ukalakwitsa mawu ankakukonza pomwepo, kaya ndi pa maliro. Akatsika ku boma sankabwerera asanakhale pa benchi langa, ndipo ine ndi iwo tinkatsutsana pa chilichonse, kuyambira mpira mpaka feteleza. Mkazi wanga ankati tikapanda kukangana ndiye kuti wina akudwala.

Chaka cha chisankho chimene ndikunenachi ndinasoka malaya ndi madiresi a nsalu za zipani zonse. Koma ndinali ndi munthu wanga amene ndinkafuna kuti alamulire dziko, ndipo pa khondepo panalibe amene sankamudziwa. Alamu sankaulula mbali yawo. Anali atasankhidwa kukhala woyang'anira malo ovotera pa sukulu yawo yomweyo, ndipo ankati wogwira bokosi la mavoti sayenera kuonetsa kumene mtima wake wapendekera.

M'mawa mwake titavota, cha m'ma teni koloko, ndinaona galimoto yoyera itaima tsidya lina la msewu. Munatuluka wapolisi, kenako amuna awiri amene ndinkawadziwa kuti ndi mamonita a zipani, kenako alamu atakumbatira chienvulopu chachikulu. Kutsogolo kunatsala mayi wachizungu ali ndi laputopu pamiyendo. Anayi aja analunjika kumene ankalandirira zotsatira za m'masukulu onse.

Masana alamu anabwera pa khonde maso ali psu, fumbi mpaka m'nsidze. Anandipeza ndili ndekha. Ndinawaitanitsira thobwa, ndipo akumwa anandifotokozera. Lole imene inatumizidwa kukawatenga inafera pa chitunda. Anthu ochokera kunja, odzaona mmene chisankho chikuyendera, ankatsika msewu womwewo, ndiye wapolisi uja anawaimika n'kuwapempha kuti atengeko ena. Mabokosi anatsala ndi apolisi ena mpaka lole itakonzedwa.

"Mzunguyo amadziwa mawu amodzi okha," anatero akuseka. "Tikagwa m'dzenje, zikomo. Mbuzi ikadutsa, zikomo."

Anandiuzanso kuti foni yawo inali itazima, ndipo dalaivala, Mmalawi mnzathu, anawaikira pa chingwe cha m'galimoto kuti ilowe moto. Mayiyo anali atajambula pepala la zotsatira limene linamatidwa pa chitseko cha kalasi, monga anachitira aliyense wokhala ndi foni.

"Ndipo musaonde, alamu," anatero akudzuka. "Kwathu kuja munthu wanu watsogola. Zamatidwa pa chitseko, si chinsinsi."

Patapita masiku zotsatira za dziko lonse zinalengezedwa, ndipo munthu wanga anagwa. Tsiku limenelo ndinasokerera mkono wa malaya chozondotsa kawiri konse.

Kenako mafoni anayamba kutokota. M'magulu a pa foni munkabwera mawu ojambulidwa, kawirikawiri a mwamuna wolankhula motsitsa ngati wabisala penapake, akunena kuti anthu a dziko lina analowa m'makompyuta a chisankho ali kwawo komweko n'kusintha manambala. Lero ankatchula dziko ili, mawa lina. Ena ankati netiweki inazimitsidwa dala tsiku lowerenga mavoti. Ku Neno netiweki imasowa ngakhale tsiku loti palibe amene akuvota, koma nthawi imeneyo sitinafune kukumbukira zimenezo.

Ine ndinakhulupirira. Sindinganene kuti ndinangonamizidwa, chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona. Kuvomera kuti anthu ambiri m'dziko muno anangoganiza mosiyana ndi ine kunali kowawa kuposa kumva kuti mlendo watibera. Komanso ndinali nditamvapo pa wailesi kuti ngakhale m'mayiko olemera anthu amakokanakokana pa nkhani zomwezi. Ndinkati, ngati eni ake opanga makinawo akudandaula kuti alowereredwa, kuli bwanji ife ogula?

Khonde langa linasanduka bwalo. Panali bambo wina wopha mbuzi pa msika, wa mawu aakulu, amene anali mbali yanga. Panalinso bambo wa njinga yamoto ya kabaza, amene ankanyamula nkhani pamodzi ndi anthu, kuchokera pa boma kukafika ku Nsambe, ku Midzemba, mpaka ku Lisungwi. Ine ndinkafotokoza ngati ndinaona ndi maso. Ndinkatenga choko cholembera nsalu n'kujambula pa tebulo: apa ndi Neno, apa likulu la dziko, apa kunja, ndipo mzere uwu ndiye njira ya manambala. Anthu ankagwedeza mitu.

Patatha milungu iwiri alamu anatsikanso. Linali tsiku la msika ndipo pa khonde panali podzaza. Anandipeza ndili pakati pa kujambula kuja. Anaima kumbuyo kwa anthu, manja ali kumsana monga ankachitira m'kalasi, akumvetsera.

"Aphunzitsi, inu munali komweko," anatero wopha mbuzi uja atawaona. "Tiuzeni, anatibera bwanji?"

"Ine ndikudziwa za pa sukulu panga pokha," anayankha alamu. "Tinawerenga pepala limodzilimodzi aliyense akuona. Mamonita a zipani zonse anasaina, aliyense n'kutenga lake. Kaya munthu wa kunja angalowe m'kompyuta, ine sindikudziwa. Koma sangalowe m'thumba la monita wanu n'kusintha zolembedwa ndi bolopeni."

"Nanga zikachoka m'manja mwanu?" ndinafunsa. "Manambalawo sayenda wapansi kupita ku likulu. Amadutsa m'mwamba, ndipo m'mwambamo ndi mmene muli akuba."

"Mwina," anatero. "Sindikunena kuti mayiko akunja alibe zofuna zawo kuno. Ali nazo, ndipo si zonse zabwino. Koma ngati anasintha manambala, njira yodziwira ilipo. Chipani chanu chisonkhanitse mapepala a mamonita ake, chiphatikize, chiyerekeze ndi zimene zalengezedwa. Zikasiyana, ine ndidzakhala woyamba kukuperekezani kokadandaula. Koma mawu a munthu wobisa dzina lake pa foni si umboni. Kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Mapepalawo sangagulidwe?" anafunsa wa kabaza.

"Limodzi kapena awiri, mwina. Koma dziko lonse? Ndiye kuti agula monita aliyense, mphunzitsi aliyense ndi wapolisi aliyense, ndipo onsewo akhala chete. Kodi inu munaonapo anthu akuno asanu akusunga chinsinsi mlungu wathunthu?"

Zimenezi zinali zomveka, ndipo ndinaona kuti anthu ayamba kuyang'ana kwa iwo m'malo moyang'ana pa tebulo panga. Ndinakweza mawu. Ndinanena za maseva, mawu amene ndinali nditangowamva mlungu womwewo. Ndinati maseva a chisankho anatsegulidwa kuchokera kunja, ndipo mapepala alibe ntchito ngati seva yabedwa.

Alamu anamwetulira. "Alamu, kodi seva n'chiyani? Tatiuzani. N'chachikulu bwanji? Chimadya chiyani?"

Anthu anaseka, ngakhale wopha mbuzi yemwe. Mayi wina amene ankadikira diresi lake anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Alamu sanafune choipa, umu ndi mmene tinkachezera zaka zonse. Koma kale tinkakhala awiri. Apa panali anthu amene ankanditcha wodziwa zinthu.

Ndinaika choko pansi. "Seva sindikuidziwa," ndinatero. "Koma inu auzeni anthuwa galimoto imene munakwera pobwera ndi zotsatira. Auzeni za mzungu wa laputopu uja amene anajambula pepala lanu. Auzeni kumene munalumikiza foni yanu."

Nthawi yomweyo ndinadziwa zimene ndasiya. Sindinatchule wapolisi. Sindinatchule mamonita awiri aja. Sindinanene kuti lole inafa, kapena kuti pa sukulu pawo munthu wathu ndiye anatsogola. Mawu aliwonse amene ndinanena anali oona, koma ndinawadula monga ndimadulira nsalu, n'kutsala ndi chokhacho chimene ndinkafuna.

Alamu anayamba kufotokoza, koma wopha mbuzi anawadula pakamwa. "Eti munakweradi?"

"Ndinakwera, koma sindinali ndekha."

"Foniyo munalumikizadi?"

"Inali itazima."

"Basi, tamva."

Alamu anandiyang'ana kanthawi. Sanakalipe. Anangoti, "Alamu, inu mukudziwa mmene zinakhalira." Kenako anatembenuka n'kumapita. Ndikanatha kuwaitana. Ndikanatha kuuza anthu pomwepo kuti ndimangobwezera chipongwe. M'malo mwake ndinakoka nsalu n'kuyamba kupalasa mashini.

Pasanathe masiku atatu, mawu atsopano anafika pa foni yanga yomwe. Munthu wosadziwika ankati mphunzitsi wina wa ku Dambe anapereka zotsatira kwa azungu m'galimoto, anazitumiza kunja kudzera pa foni yake, ndipo amene waulula ndi mlamu wake weniweni. Dzina silinatchulidwe, koma ku Dambe panalibe amene akanafunsa kuti ndi mphunzitsi uti.

Zimene zinachitika kumtundako ndinkazimva pang'onopang'ono kudzera kwa mkazi wanga. Pa khoma la kalasi yawo panalembedwa ndi makala kuti wogulitsa dziko. Makolo ena analetsa ana awo kulowa m'kalasimo. Ku tchalitchi, kumene anali mlembi kwa zaka zambiri, akulu ampingo anawapempha kuti ayambe apuma mpaka mitima ya anthu itakhala pansi. M'mawa wina anapeza munda wawo wa mbatata ya kachewere, umene unali kuseri kwa nyumba, utazulidwa mbatata isanakhwime, mitengo yake itangotayidwa m'ngalande. Sanakasume kulikonse. Ena mwa amene ankawaganizira anali anthu oti iwo anawaphunzitsa kugwira pensulo.

Mkazi wanga sanandikalipire. Tsiku limene anabwera kuchokera kwawoko anakhala pa mkeka n'kumasankha nyemba, ine ndili pa mpando.

"Kodi inu munkakhulupiriradi kuti achimwene anaba?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ayi."

"Ndiye munaneneranji?"

"Anandichititsa manyazi pagulu."

"Anakusekani," anatero, "inu n'kuwawotchera nyumba."

Kwa miyezi ingapo ankachita zonse za pakhomo monga mwa nthawi zonse, koma akalankhula nane zinkakhala za ana basi.

Ndinayesa kukonza. Ndinafotokoza pa khonde nkhani yonse, za lole, za wapolisi, zonse. Ndinakapeza mmodzi wa mamonita aja, wa chipani chathu chomwe, ndipo anandionetsa pepala lake limene ankasunga m'Baibulo. Manambala ake anali omwewo amene anamatidwa pa boma. Ndinamupempha kuti abwere adzanene pagulu, koma anakana. Anati ali ndi ana, ndipo anthu adzati nayenso anadya nawo. Ndinapempha wa kabaza uja kuti nkhani yokonzayi ainyamulenso monga ananyamulira yoyamba ija.

"Atelala," anatero, "anthu angoti akunyumba akukakamizani."

Ndipo ndi zimene ananenadi. Ndinajambula mawu anga pa foni, kutchula dzina langa ndi pamene ndimasokera, n'kutumiza m'magulu onse amene ndinalimo. Sindinamvepo kuti wina anawatumiza kwina.

Ku Dambe sindinapite. Ndinkati ndipita mlungu wamawa. Ndinakonzeka kawiri, ndipo kawiri konse ndinapeza chifukwa: mayunifolomu a ana asukulu, kenako msewu woterera. Chenicheni n'chakuti ndinkaopa kukaona munda uja ndi khoma lija. Teremu itatha alamu anapempha kusamutsidwa, ndipo anawatumiza ku sukulu ina kufupi ndi Lisungwi, kuchigwa kotentha. Anatenga mkazi wawo, ana, ndi apongozi anga, mayi awo okalamba amene ankawasunga. Apongozi anabadwira kumtunda kozizirako ndipo anali asanagonepo kwina kuposa mlungu. Tsiku losamuka mkazi wanga anapita yekha kukathandiza kumanga katundu.

Nkhani ya akuba akunja ija inazilala yokha. Akuluakulu anatsutsana pa wailesi mpaka kutopa, anthu n'kubwerera ku minda. Pa khonde panga anthu sanasiye kubwera. Wopha mbuzi mpaka lero amalumbira kuti tinaberedwa, ndipo ena amamutsutsa mwaulesi. Akandifunsa ndimati sindikudziwa, ndipo n'zoona. Sindikudziwa ngati panali munthu kutali kwinakwake amene analowa m'makompyuta athu. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa khonde langa panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kudziwa, ndipo munthu yekhayo amene ananena poyera pamene kudziwa kwake kwalekezera ndi amene anasamuka.

Panapita chaka ndi miyezi ndisanalimbe mtima. Tinapita awiri ndi mkazi wanga nthawi ya chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Tinawapeza alamu pansi pa mtengo wa masau kutsogolo kwa nyumba ya aphunzitsi, akuchonga makope. Anali ataonda. Anaimirira, kundipatsa moni ndi manja awiri, n'kundiitanitsira mpando. Mawu onse amene ndinakonza panjira anabalalika. Ndinangoti ndinalakwa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikulakwa pamene ndinkalankhula.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Ndamva, alamu," anatero. "Inenso ndinalakwa kukusekani pagulu. Zinatha zimenezo."

Kenako anafunsa za ana ndi za msewu. Ndinawafunsa ngati adzagwirenso ntchito ya chisankho, ndipo anati ayi, atenge ena. Pofuna kuti ticheze ngati kale ndinanena dala kuti chaka chino mvula iyamba msanga, chifukwa mango abereka kwambiri. Ndinadikira kuti andifunse kumene ndinaphunzira zimenezo.

"Mwina iyambadi," anatero, n'kutenga kope lina.

Mkazi wanga anandiitana kuti ndikapereke moni kwa apongozi. Anali pa mphasa kumbali kwa nyumba, kumene mthunzi unafika, atavula mpango chifukwa cha kutentha. Maso awo anali atachita nkhungu, koma mawu anga anawazindikira. Ndinanjuta chapatali monga ayenera mkamwini. Anandifunsa za ulendo, kenako anayamba kudandaula. Anati madzi a pa mjigo wa kuno ndi amchere, usiku thupi silizizira, ndipo palibe wa msinkhu wawo womudziwa. Polankhulapo ndinazindikira kuti palibe amene anawauza chifukwa chenicheni chimene anasamukira. Iwo ankangodziwa kuti aboma anasuntha mwana wawo monga amasunthira aphunzitsi.

"Inu bambo," anatero, "mlamu wanuyu amakumverani. Mumuuze akapemphe kwa akuluakulu ake tibwerere kwathu. Ine sindikufuna kudzafera kuno."

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana pansi. Pamene anakhala alamu panali pafupi, sakanalephera kumva, koma sanadzutse mutu pa makope awo.

"Ndiyesa, amayi," ndinatero.

Anawomba m'manja pang'onopang'ono, akundithokoza.

Sindinawapemphe alamu, ndipo sindikuona kuti ndili ndi pakamwa powapemphera. Akadali ku Lisungwi komweko, apongozi nawonso. Mkazi wanga amapitako mwezi ndi mwezi. Ine ndimamuperekeza nthawi zina, ndipo ulendo uliwonse apongozi amandifunsa ngati akuluakulu aja ayankha.